Mwatumiza kale fomu ya msonkho ku SARS, kenako mwaona cholakwika: nazi zoyenera kuchita

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi ku Johannesburg, bambo ena a kwathu ku Ntcheu anandikokera pambali nkhope ili yakugwa. Fomu yawo ya msonkho anali atatumiza milungu itatu m'mbuyomo, a SARS, bungwe lotolera msonkho ku South Africa, anawabwezera kandalama, ndipo kandalamako kanali katafika kale kumudzi n'kusanduka malata. Ndiye tsiku lina akusanthula m'chikwama anapeza kabuku komwe amalembamo lendi ya zipinda ziwiri za kuseri kwa nyumba yawo. Pa fomu ija sanalembepo ngakhale senti imodzi ya lendiyo. Funso lawo linali limodzi: "Achimwene, kodi andimanga?"

Sanamangidwe. Tinakhala pansi madzulo a tsiku lomwelo n'kukonza fomuyo, iwo n'kulipira chomwe chinatsala. Koma ndinazindikira kuti abale athu ambiri kuno ku Joni sadziwa kuti fomu yotumizidwa kale imatheka kukonzedwa, ndipo mantha amawakhalitsa chete mpaka kalata ya SARS itawapeza. Malangizowa ndi a munthu wolipira msonkho ku South Africa amene watumiza fomu ya pachaka ya msonkho, yotchedwa ITR12, kenako n'kuona kuti penapake sipali bwino.

Choyamba: pezani cholakwikacho ndi chaka chake

Musathamangire kudina chilichonse. Lowani pa eFiling, tsamba la pa intaneti la SARS lotumizirapo mafomu, tsegulani fomu imene munatumiza, tsitsaninso chikalata cha ITA34, chimene a SARS amakuuzirani m'mene awerengera msonkho wanu. Ziikeni pambali pa mapepala anu n'kuyenda nazo mzere ndi mzere. Lembani pa kapepala zinthu zitatu: chomwe munalemba, chomwe munayenera kulemba, ndi pepala lomwe likutsimikizira nambala yolondolayo.

Samalani ndi chaka. Chaka cha msonkho ku South Africa chimayamba pa 1 Malichi n'kutha kumapeto kwa Febuluwale, ndipo chimatchulidwa ndi chaka chomwe chathera. Choncho chaka cha 2025 ndi cha kuyambira pa 1 Malichi 2024 mpaka pa 28 Febuluwale 2025. Ndaonapo anthu akufuna kukonza fomu imene inali bwinobwino chifukwa lisiti yomwe apeza ndi ya Epulo, ya chaka chotsatira. Mukapeza cholakwika chimodzi, yang'anani fomu yonse ndiponso mafomu a zaka za m'mbuyo. Munthu amene waiwala lendi chaka chino nthawi zambiri anaiwalanso chaka chatha, ndipo zimenezi zimasintha njira yoti mutsate.

Chachiwiri: walakwitsa ndani?

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, chifukwa njira zokonzera zilipo zingapo ndipo iliyonse ili ndi ntchito yake. Ambiri amataya miyezi chifukwa chogogoda pakhomo losayenera.

Ngati munalakwitsa ndinu, monga kulemba R5,400 m'malo mwa R54,000, kuiwala ndalama zina zomwe munapeza, kapena kusiya chinthu chomwe chikanakuchepetserani msonkho, njira yanu ndi imene a SARS amaitcha Request for Correction. Ndiifotokoza bwino m'munsimu.

Ngati cholakwika chili pa IRP5, setifiketi imene abwana anu amapereka yosonyeza malipiro ndi PAYE, msonkho wa pa malipiro, yomwe anadula, inu simungachikonze. Manambala a pa IRP5 amalowa okha pa fomu yanu kuchokera pa zomwe kampani inatumiza ku SARS, ndipo mabokosi ake ndi otseka. Pitani ku ofesi yokonza malipiro ndi mapeyisilipi anu onse, muwaonetse pomwe manambala akusiyana, muwapemphe kuti akonze setifiketiyo n'kuitumizanso ku SARS. Kungokupatsani pepala latsopano m'manja sikukwanira. Zomwe zili m'makina a SARS ndi zimene ziyenera kusintha. Akatero, bwererani pa eFiling, dinani batani la Refresh kuti manambala atsopano alowe, kenako konzani fomu yanu. Zilinso chimodzimodzi ndi setifiketi ya IT3(b) yochokera kubanki, yosonyeza chiwongoladzanja chomwe mwapeza, komanso masetifiketi a medical aid ndi a penshoni: wolakwitsa ndi amene akonze.

Ngati fomu yanu inali yolondola koma a SARS ndiwo akana china chake, mwachitsanzo achotsa ndalama zoyendera pa ntchito zomwe munalemba, simukukonza fomu koma mukutsutsa chigamulo chawo. Njira yake ndi ina, ndipo ili ndi masiku ake owerengeka.

Ndipo ngati nkhani yake ndi yoti kwa zaka zingapo mwakhala mukupeza ndalama zomwe simunaziululepo, imani kaye. Musadine Request for Correction, musaimbire foni a SARS kukafunsa nzeru, werengani kaye gawo la VDP, njira yodziululira wekha, m'munsimu. Pamenepa kuyamba ndi chinthu cholakwika kungakutayitseni chitetezo chomwe lamulo limapereka.

Pali gulu linanso: omwe sanadzaze fomu n'komwe koma analandira uthenga woti a SARS awawerengera okha msonkho, zomwe zinayamba mu 2020. Kuwerengera kumeneku kumatsamira pa zomwe mabwana, mabanki ndi makampani a penshoni atumiza basi. Lendi ya kachipinda, ganyu ya Loweruka, malonda a zitenje, zonsezi makina sazidziwa. Ngati muli ndi ndalama zoterezi, tsegulani ITR12 ya chaka chimenecho, muwonjezere, mutumize nyengo yotumizira mafomu isanatseke. Kwa olipira msonkho kudzera pa PAYE nyengoyi imayamba mu Julayi n'kutseka mu Okutobala. Mu 2025 inatseka pa 20 Okutobala. Kukhala chete kumatengedwa ngati mwavomereza kuti zomwe awerengerazo n'zokwanira.

Chachitatu: sonkhanitsani mapepala musanakhudze fomu

Fomu yokonzedwa imakopa maso, makamaka ikamachepetsa msonkho, choncho yembekezerani kuti akhoza kukufunsani umboni. Khalani ndi ma IRP5 onse a chakacho, masetifiketi a kubanki, a medical aid ndi a penshoni, masitetimenti a kubanki, mgwirizano wa lendi, malisiti a zomwe munawononga, ndi kabuku ka maulendo a galimoto ngati mumalandira alawansi yoyendera. Popanda kabuku kosonyeza tsiku, komwe munapita, chifukwa chake ndi makilomita, ndalama zoyendera a SARS sazivomereza, ngakhale maulendowo munayendadi.

Jambulani mapepalawo mooneka bwino, makamaka ngati PDF, ndipo fayilo iliyonse isapitirire 5MB. Chithunzi chojambulidwa usiku ndi foni, chala chikuphimba nambala, chimangobweretsa kalata ina.

Chachinayi: kukonza fomu pa eFiling

Lowani pa eFiling ndi dzina ndi pasiwedi yanu. Pitani pa Returns, kenako Returns History, musankhe Personal Income Tax ITR12. Muona mndandanda wa zaka. Tsegulani chaka chomwe mukufuna. Pa tsamba la fomu ya chakacho pali batani lolembedwa Request Correction. Mukalidina, makina amakutsegulirani fomu yachiwiri yokhala ndi zonse zomwe munalemba poyamba.

Chinthu chimene anthu amaphonya kwambiri ndi ichi: fomu yachiwiriyi imalowa m'malo mwa yoyamba yonse. Si kapepala kowonjezera. Ngati munalemba kuti malonda anakupatsani R20,000 pomwe zoona zake ndi R32,000, lembani R32,000, osati R12,000 yosiyanayo. Ndipo musafufute zomwe zinali zolondola poganiza kuti a SARS ali nazo kale. Chomwe mwachotsa pa fomu yachiwiri chachoka basi.

Ngati mukuwonjezera mtundu wa ndalama umene sunalipo pa fomu yoyamba, bwererani ku tsamba loyamba la mafunso. ITR12 imadzimanga potengera mayankho anu. Bambo a ku Ntcheu aja anafunafuna bokosi la lendi osalipeza, chifukwa pa funso loti kodi munapeza ndalama pobwereketsa nyumba anali atayankha kuti ayi. Titasintha yankho, gawo la lendi linatulukira. Mmenemo mumalemba lendi yonse imene munalandira, kenako zomwe munawononga pa gawo lobwereketsalo: madzi, magetsi, msonkho wa kukhonsolo, inshuwalansi, kukonza zowonongeka, ndi chiwongoladzanja cha ngongole ya nyumba. Ngati nanunso mumakhala pamalo omwewo, mumachotsa gawo lokhalo logwirizana ndi kukula kwa zipinda za lendizo, osati bilu yonse. Kumanga chipinda chatsopano sikuwerengedwa ngati kukonza.

Ndipereke chitsanzo ndi manambala ongoyerekeza. Malipiro a pachaka ndi R180,000, PAYE inadulidwa bwinobwino. Lendi ndi R40,000, zowonongedwa pa zipindazo ndi R6,000, phindu ndi R34,000. Zonse pamodzi ndi R214,000. M'chaka cha msonkho cha 2025, ndalama zosapitirira R237,100 zinkadulidwa 18 peresenti, choncho msonkho wowonjezera ndi R6,120. Imeneyo ndiyo ngongole yeniyeni, ndipo kawirikawiri imakhala yocheperapo kusiyana ndi imene munthu amaiopa ali chigonere usiku.

Musanatumize, sungani fomuyo ndi batani la Save, kenako gwiritsani ntchito chowerengera msonkho chomwe chili pa tsamba lomwelo kuti muone chomwe chituluke. Ngati nambala yotuluka ikusiyana kwambiri ndi imene munawerengera pa kapepala kanu, pali china chomwe chasokonekera, chipezeni kaye. Mukakhutira, dinani Submit. Mukatumiza fomu yachiwiri simungabwerere ku yoyamba. Ngati mwalakwitsanso, mudzakonza yachiwiriyo n'kupanga yachitatu, koma ine sindikonda kuona munthu akutumiza mafomu anayi a chaka chimodzi. Ndi bwino kuchedwa masiku awiri n'kukonza zonse kamodzi.

Amene alibe kompyuta kapena sakuzolowera eFiling akhoza kupita ku ofesi ya SARS, koma ayambe wasungitsa nthawi yokumana nawo kudzera pa webusayiti yawo kapena poimba 0800 00 7277. Tengani pasipoti, nambala yanu ya msonkho ndi mapepala onse aja. Thandizo la ku ofesi ya SARS ndi laulere.

Chachisanu: mukatumiza

Mudzalandira ITA34 yatsopano. Yang'anani nambala ya pamapeto. Ikakhala ndi kamzere kochotsera kutsogolo kwake, a SARS ndiwo ali nanu ngongole. Ikakhala yopanda kamzereko, ngongole ndi yanu. Tsitsaninso sitetimenti ya akaunti yanu ya msonkho, imene amaitcha Statement of Account, chifukwa ndi imene imasonyeza zonse pamodzi: msonkho, ndalama zomwe anakubwezerani kale, chiwongoladzanja, ndi tsiku lomaliza kulipira.

Ngati muli ndi ngongole, lipirani tsikulo lisanadutse, pogwiritsa ntchito nambala yolipirira imene ili pa sitetimentiyo. Mukalemba nambala ina, ndalama zimapita koma ngongole imakhalabe pa dzina lanu. Ngati simungathe kulipira zonse nthawi imodzi, pemphani kulipira pang'onopang'ono. Pempholi limatheka pa eFiling pomwepo. Chiwongoladzanja chimapitirirabe, komabe n'chochepa poyerekeza ndi cha katapila, ndipo ndikukupemphani kuti musapite kwa mashonisa, okongoza ndalama za katapila, kukatenga ndalama yolipirira msonkho musanayese njira imeneyi. Choopsa ndi kungosowa. Lamulo limalola a SARS, akatumiza kalata yomaliza yokumbutsa ngongole koma osayankhidwa, kulamula banki yanu kapena abwana anu kuti adule ndalamazo n'kuwapatsa mwachindunji.

Mwina m'malo mwa ndalama mudzalandira kalata yoti fomu yanu yasankhidwa kuti aitsimikizire. Si mlandu ayi. Amakupatsani masiku 21 ogwira ntchito kuti mutumize mapepala. Werengani kalatayo bwino, mutumize chilichonse chomwe atchula, ndipo onetsetsani kuti mafayilo onse alowa musanadine batani lotumizira ku SARS. Ine ndimawonjezerapo kakalata ka ndime imodzi kofotokoza chomwe ndasintha ndi chifukwa chake, kuti woyang'anayo asachite kulota.

Palinso china chimene bambo aja sanachiyembekezere. Munthu amene phindu lake la lendi ndi chiwongoladzanja lapitirira R30,000 pachaka, kapena amene ali ndi bizinesi yakeyake pambali pa ntchito, amalowa m'gulu la olipira msonkho mwapatsogolo. Amadzaza fomu ya IRP6 kawiri pachaka, kumapeto kwa Ogasiti ndi kumapeto kwa Febuluwale. Mukakonza fomu ya chaka chatha, onaninso ngati chaka chino simukuyenera kuyamba IRP6, kuopa kuti mungatseke dzenje lina n'kugwera lina.

Batani la Request Correction likakana

Nthawi zina batanilo silioneka kapena makina amakana. Zimachitika ngati a SARS anamaliza kale kufufuza fomu ya chakacho, ngati iwo eni anasintha manambala ake, kapena ngati kafukufuku wozama ali m'kati. Zikatero khomo lotsala ndi kutsutsa, pogwiritsa ntchito Notice of Objection, imene imapezeka pa eFiling pansi pa Disputes.

Kuyambira pa 10 Malichi 2023, muli ndi masiku 80 ogwira ntchito kuchokera pa tsiku la ITA34 kuti mutsutse. Kale anali masiku 30 okha. Loweruka, Lamlungu ndi maholide sawerengedwa, komanso pa nkhani zotsutsa masiku a kuyambira pa 16 Disembala mpaka pa 15 Januwale sawerengedwa. Izi zimathandiza ife amene timakwera basi kupita kumudzi pa Khirisimasi, koma musadalire zimenezo. Ngati simukumvetsa chifukwa chomwe akanira, muli ndi ufulu wopempha zifukwa zawo pasanathe masiku 30 ogwira ntchito. Potsutsa, kulemba kuti "sindikugwirizana nazo" sikuthandiza. Tchulani nambala yomwe mukukana, nenani yolondola, fotokozani chifukwa, ikani umboni. Akakana kutsutsa kwanu, muli ndi masiku 30 ogwira ntchito ochita apilo.

Dziwaninso kuti kutsutsa sikuimitsa ngongole. Lamulo limati lipirani kaye, mkangano pambuyo. Ngati mukufuna kuti asakulondeni pomwe nkhani ikuunikidwa, pemphani padera kuti kulipirako kuimitsidwe. Pempholi lili pa tsamba lomwelo la Disputes.

Pa cholakwika choonekeratu, chosafuna mkangano, chomwe chinakulipiritsani msonkho wochuluka, palinso fomu ya RRA01 yopempha kuti msonkho uchepetsedwe. Ndi ya zinthu zoti aliyense akangoyang'ana aone kuti pano dzanja linaterereka, osati zofuna kutanthauzira malamulo.

Nthawi nayo ili ndi malire. Malinga ndi gawo 99 la Tax Administration Act ya 2011, pakadutsa zaka zitatu kuchokera pa tsiku la ITA34 yoyamba, chaka chimenecho chimatsekedwa. Ngati a SARS ali nanu ngongole ya chaka chakale, musazengereze. Koma malire amenewa sateteza munthu amene ananama kapena kubisa mfundo zofunika. Kwa iyeyo chakacho chikhoza kutsegulidwa nthawi ina iliyonse.

Ngati vuto ndi loti nkhani yanu yangokhala osayankhidwa, dandaulani kaye ku ofesi ya madandaulo ya SARS, ndipo zikakanika pitani kwa Tax Ombud, ofesi yomwe inakhazikitsidwa mu 2013. Ombud amaona za kachitidwe ka ntchito, osati kuweruza kuchuluka kwa msonkho.

Ngati munabisa kwa zaka: VDP

Chindapusa cholembera ndalama zochepa chimatengera khalidwe la munthu, ndipo mlingo wake uli pa gawo 223 la lamulo lomwelija. A SARS akapeza okha kuti simunasamale mokwanira podzaza fomu, chindapusa ndi 25 peresenti ya msonkho womwe unasowa. Akaona kuti kunali kunyalanyaza kwakukulu, ndi 100 peresenti. Akaona kuti munazemba mwadala, ndi 150 peresenti, ndipo kwa wobwereza kapena wovuta chimafika 200 peresenti. Pa R6,120 ya chitsanzo chathu chija, ndiye kuti R1,530, R6,120 kapena R9,180 pamwamba pa msonkhowo, chaka chilichonse pachokha.

Voluntary Disclosure Programme, mwachidule VDP, ndi njira yodziululira wekha, ndipo yakhala ikugwira ntchito mosalekeza kuyambira pa 1 Okutobala 2012. Munthu akadziulula asanauzidwe kuti akufufuzidwa, 25 peresenti ija imatsika kufika pa ziro, 100 imatsika kufika pa 5, ndipo 150 imatsika kufika pa 10. Chachikulu kuposa zonse n'chakuti a SARS sakutengerani kukhoti pa mlandu wa msonkho umene mwaululawo. Msonkho ndi chiwongoladzanja mumalipirabe.

Pali zofunika kukwaniritsa. Muulule zonse, osasiyako chaka kapena akaunti ina. Musakhale kuti munaululapo cholakwa chofanana nacho m'zaka zisanu zapitazi. Kuululako kusathere poti a SARS akubwezereni ndalama. Mugwiritse ntchito fomu ya VDP01 pa eFiling. Ndipo kukhale kodzifunira zenizeni, komwe ndi pomwe ambiri amagwa. Mu 2021 khoti la Supreme Court of Appeal linagamula mlandu wa kampani ya Purveyors South Africa Mine Services, imene inalowetsa ndege m'dziko osalipira VAT. Kampaniyi inayamba yakambirana nkhaniyo ndi ogwira ntchito ku SARS, n'kuuzidwa kuti iyenera kulipira, ndipo patapita nthawi ndi pomwe inapempha VDP. Khoti linati kuululako sikunali kodzifunira, chifukwa a SARS ankadziwa kale. N'chifukwa chake ndanena kuti musaimbe foni kukafunsa. Pa nkhani ya VDP pitani kaye kwa katswiri wa msonkho wolembetsedwa. Mulipira, inde, koma apa kudzichitira nokha kumadula kwambiri.

Kusiyanitsa nkhani ya Request for Correction ndi ya VDP kumafuna kudziuza zoona. Lendi ya chaka chimodzi, imene mwaikumbukira patangopita milungu itatu, ndi kuiwala. Lendi ya zaka zisanu, imene inkalowa ku akaunti ina kuti isaoneke, ili ndi dzina lina, ndipo mwini wake amalidziwa.

Nyumba ya ku Area 25 ndi ndalama zotumiza kumudzi

Zolakwika ziwiri ndimakumana nazo kwambiri pakati pa ife a ku Malawi ndi ku Chipata.

Choyamba ndi kuganiza kuti ndalama zopezedwa kwathu sizikhudza South Africa. Munthu amene lamulo la msonkho limamuona ngati wokhala mu South Africa amayenera kuulula ndalama zomwe wapeza kulikonse pa dziko lapansi. Izi sizitengera pasipoti. Ngakhale mtima wanu uli wodzabwerera kumudzi, mukhoza kulowa m'gululi chifukwa cha masiku: kukhala m'dzikomo masiku opitirira 91 m'chaka cha msonkho chomwe chikuwerengedwa, opitirira 91 m'chaka chilichonse mwa zaka zisanu za m'mbuyo mwake, ndi opitirira 915 mukaphatikiza zaka zisanuzo. Amene wagwira ntchito ku Cape Town kapena Durban zaka zisanu ndi chimodzi mosalekeza amakhala atakwanitsa zonsezi. Ndiye lendi ya nyumba ya ku Area 25 kapena ku Chilomoni iyenera kuoneka pa ITR12, pa gawo la ndalama zakunja, itasinthidwa kukhala marandi. Ngati munalipira kale msonkho wake ku MRA, bungwe lotolera msonkho ku Malawi, sungani malisiti ndi masetifiketi ake, chifukwa lamulo limalola kuchotsera msonkho wolipiridwa kunja kuti musadulidwe kawiri. Nkhaniyi ili ndi timakona tambiri, ndipo ngati yatenga zaka ndi ya katswiri ndi VDP.

Chachiwiri ndi kulemba ndalama zotumiza kumudzi ngati zochotsera msonkho. Fizi ya ana a mlongo wanu, feteleza wa amayi, zipukuta misozi, zonse zomwe zimadutsa pa Mukuru mwezi ndi mwezi ndi udindo weniweni ndipo umalemera, koma lamulo la msonkho silizichotsera. Ngati zinalembedwa pa fomu yanu pansi pa dzina lina lililonse, zichotseni.

Ngati fomu anakudzazirani ndi munthu wina

Nyengo ya mafomu ikafika pamatuluka anthu olonjeza kuti akupezerani ndalama zambiri zobwezedwa, iwo n'kutengapo gawo. Kawirikawiri amachita izi polemba zinthu zomwe kulibe: maulendo a galimoto yomwe mulibe, mabilu a kuchipatala opeka, bizinesi yoluza imene simunaichitepo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama zimabweradi, koma kalata yofuna umboni ikafika, foni ya munthu uja siipezekanso, ndipo pamaso pa lamulo fomuyo ndi yanu.

Ngati mukukayika, tsegulani fomu imene inatumizidwa m'dzina lanu muiwerenge nokha. Chilichonse chomwe simukuchidziwa kapena mulibe pepala lake chiyenera kuchoka, ndipo ndalama zomwe munabwezeredwa chifukwa cha icho mudzazibweza. Ngati zachitika zaka zingapo, musayambe ndi Request Correction; pitani kwa katswiri. Katswiri weniweni amakhala wolembetsedwa ku SARS, ali ndi nambala yoyamba ndi PR, ndipo ali m'bungwe lovomerezeka monga SAIT, SAIPA kapena SAICA. Mufunseni nambalayo, ndipo muitsimikizire pa webusayiti ya SARS musanamupatse chilichonse.

Kenako tsekani khomo lomwe munasiya lotsegula. Sinthani pasiwedi ya eFiling tsiku lomwelo. Onani ngati nambala ya foni ndi imelo zomwe zili pa akauntiyo ndi zanu, chifukwa ena amaika zawo kuti makalata a SARS azifikira iwo. Onaninso akaunti ya kubanki yomwe yalembedwa, kuti ndalama zobwezedwa zisamapite kwina. A SARS satumiza uthenga wopempha PIN ya khadi lanu kapena pasiwedi ya kubanki. Uthenga woterowo ufufuteni.

Mapepala onse, fomu yoyamba, yachiwiri, ma ITA34 onse awiri, umboni wa kulipira ndi malisiti, lamulo limafuna kuti muwasunge zaka zisanu kuchokera tsiku lomwe munatumiza fomu. Malisiti a m'mashopu amafufutika pakangotha miyezi ingapo, choncho ajambuleni lero n'kudzitumizira pa imelo. Ngati nkhani yanu ikadali pa kutsutsa kapena pa apilo, asungeni mpaka itatheratu, ngakhale zaka zisanuzo zitadutsa.